Keziya, Kaloko ka pa Webusaiti ndi Chithunzi cha Malemu Mariam

Kuseri kwa msika wa pa boma la Chadiza kuli kachipinda kopaka utoto wobiriwira, pakati pa ometa tsitsi ndi ogulitsa mankhwala a thonje. Aliyense wofuna kujambulitsa chithunzi cha pa chitupa, kutayipitsa kalata kapena kusindikizitsa pulogalamu ya ukwati amadziwa kuti kumeneko n'kwa Keziya Nkhoma, amake Natasha.

Keziya anabadwira ku Zingalume m'chaka cha 1979, mwana woyamba wa a Fanwell Nkhoma, amene ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu. Ana aamuna anachedwa kubadwa m'nyumbamo, choncho Keziya ndiye ankagwira beseni la madzi bambo ake akamafufuza pamene chubu chabooka. A Fanwell sankakonda zongoganizira. Ankaviika chubu pang'onopang'ono mpaka thovu lituluke, ndipo likatuluka ankapitirizabe kuchizunguliza, poti mwina mabowo ndi awiri. Mwana wawo anatengera mtima womwewo.

Atamaliza giredi 12 anakaphunzira kutayipa ku Chipata, nabwerera kudzagwira ntchito mu ofesi ina pa boma. Chaka chimene makompyuta awiri anafika mu ofesimo, anakhala m'makatoni milungu itatu, aliyense akuopa kuti akawononga mlandu ukhala wake. Keziya anawatulutsa tsiku lina masana anzake atapita kukadya, nalumikiza zingwe poyang'ana kuti iyi ikulowa pabowo liti. Abwana pobwera anapeza kalata yawo yatayipidwa kale. Anagwira ntchito kumeneko zaka khumi ndi chimodzi, kenaka anasiya yekha natsegula kachipinda kake. Mwamuna wake Trywell, amene ndi kalipentala, anamukhomera tebulo ndi mashelufu. Mwana wawo Natasha tsopano akuphunzira unamwino ku Chipata.

Za mawebusaiti Keziya anaziphunzira atakwanitsa kale zaka makumi anayi. Bungwe lina linaitana anthu a malonda ang'onoang'ono ku maphunziro a milungu iwiri, ndipo iye anali wamkulu pa onse m'kalasimo. Zotsala anaziphunzira yekha pa foni, akudikira makasitomala. Amene amamudziwa amati sanamumvepo akunena kuti chinthu chamukanika. Munthu akamubweretsera vuto amangoti, "Sindinalione bwino. Khalani pansi."

Webusaiti yachitatu imene anapanga inali ya gulu la amayi a ku Zemba lotchedwa Talimbika. Amayiwa alipo makumi awiri ndi atatu. Amalima nsawa, kuzikazinga ndi kugaya chiponde chimene amathira m'mabotolo. Amene anayambitsa gululi anali amayi Mariam Mbewe, mayi wamfupi wa mawu aakulu. Ndi iwo anabwera kwa Keziya tsiku lina nati, "Ndamva kuti mumaika anthu pa intaneti. Tiikenipo nafenso." Keziya anapalasa njinga mpaka ku Zemba kukajambula zithunzi, ndipo patsamba loyamba anaika cha amayi Mariam akuseka, atanyamula lichero la nsawa.

Amayi Mariam anamwalira mu Febuluwale chaka chatha, atadwala masiku ochepa chabe. Patapita mwezi umodzi, amayi Lonia Sakala, amene anasankhidwa kukhala wapampando m'malo mwawo, anapempha Keziya kuti achotse chithunzicho chifukwa amayi ena ankalira akachiona. Keziya anachichotsa naikapo cha mabotolo. Mu Epulo anasamutsa webusaitiyo, kuichotsa ku kampani imene inkaisunga kuipititsa ku ina, poti kwakaleko inkachedwa kutseguka. Zonse zinaoneka kuti zayenda bwino.

Lachiwiri lina mu Julaye, m'mawa kukuzizira, amayi Lonia anagwetsera njinga pakhoma la kachipindako nalowa akupumira m'mwamba.

"Amake Natasha, tsekani chinthu chija," anatero asanapereke n'komwe moni. "Chitsekeni lero lomwe."

"Mwauka bwanji, amayi?"

"Ndauka, koma sindinauke bwino. Chinthu chanu chatinyozetsa ku Lusaka."

Keziya anawasendezera mpando. Nkhani inali yakuti pa chionetsero cha zaulimi ku Chipata amayi Lonia anakumana ndi a Joseph Daka, amene ali ndi masitolo awiri ku Lusaka. A Daka analawa chiponde, chinawakomera, nalonjeza kuti atumiza galimoto Lachisanu kudzatenga makatoni oyamba, bola agwirizane ndi mnzawo amene amachita naye malonda. Lolemba a Daka anamutumizira mnzawoyo linki ya webusaiti pa Watsapu. Linkiyo inapita yokhayokha, yopanda kachithunzi kaja kamene kamatuluka pansi pake. Mnzawoyo ataidina, foni inamuonetsa tsamba la chenjezo, ndi mawu a Chingerezi onena kuti malowa si otetezeka ndipo akuba angathe kumubera zinsinsi zake. A Daka anaimbira amayi Lonia nawafunsa ngati gululo lilikodi kapena ndi anthu aja onyenga anzawo pa foni.

"Ine Lonia, mtsogoleri wa chigwirizano ku tchalitchi kwathu, kundifunsa ngati ndine wakuba!" anatero akumenya pachifuwa. "Ndipo kumudzi nkhani yafala kale. Ena akuti mwina inu munagulitsa mayina athu kwa anthu oipa. Ine sindikutero ayi, ndikungokuuzani zimene zikunenedwa."

"Zikomo pondiuza," anatero Keziya. Nkhope yake sinasinthe. "Kutseka n'kosavuta, ndingatseke m'mphindi imodzi. Koma tikatseka, a Daka adzati zinali zoona. Ndipatseni tsiku la lero."

Anatsegula laputopu nalemba adiresi ya webusaiti. Chenjezo lija linatuluka. Anayesa pa foni yake, chimodzimodzi. Anapempha foni ya amayi Lonia, nayonso inanena zomwezo.

"Ndiye kuti vuto si foni ya a Daka," anatero. "Vuto lili kwathu."

Anadina pakona ya adiresi, pamene pamayenera kukhala kaloko kakang'ono, ndipo panatseguka kabokosi ka mizere yambiri. Keziya anaiwerenga ndi chala, umodziumodzi, mpaka anafika pa masiku awiri olembedwa motsatana. Anaseka pang'ono.

"Bwerani muone, amayi. Kaloko kamene mumakaona pamwamba apa kamakhalapo chifukwa webusaiti ili ndi chiphaso, anzathu amati setifiketi. Chiphasocho chimatsimikizira kuti webusaitiyi ndi yathudi, ndiponso kuti zimene munthu akulemba pamenepa palibe akuziwerenga panjira. Koma chimakhala ndi tsiku lothera, ngati lija mumadinda pa mabotolo anu. Werengani apa."

Amayi Lonia anasuzumira. "13 Julaye."

"Lamlungu lapitali. Chathu chinatha Lamlungu. Palibe wakuba walowa. Foni ikaona chiphaso chakutha imachenjeza basi, siisankha kuti uyu ndi wachinyengo kapena ndi mayi wa chigwirizano."

"Nanga zaka zonsezi sichinkatha bwanji?"

"Chinkatha miyezi itatu iliyonse. Koma makina ankatenga china okha, inu ndi ine osadziwa. Ulendo uno sanatenge, ndipo chifukwa chake ndicho ndikuchifuna."

Analowa kumene webusaiti imasungidwa nadina batani lopempha chiphaso chatsopano. Kanthu kanazungulira pagalasi, kenaka panatuluka mawu okana. Anadinanso, anakanidwanso. Sanadine kachitatu. Nthawi yomweyo magetsi anazima, makina a ometa tsitsi pafupipo anangoti zii, ndipo anamva kasitomala wometedwa theka akudandaula. Keziya anayang'ana batire la laputopu, naona kuti lingapirire maola awiri. Analumikiza intaneti ya pa foni napitiriza.

Pansi pa mawu okanawo panali lipoti lalitali la zilembo zing'onozing'ono, limene anthu ambiri amangolilumpha. Keziya anavala magalasi nayamba kuliwerenga kuchokera pamwamba. Bambo wina anabwera ndi mapepala ofuna fotokope, iye anangomulozera babu lozima osadzutsa mutu. Patapita theka la ola anaika chala pa mzere umodzi.

"Mwapeza?" anafunsa amayi Lonia.

"Ndapeza. Webusaiti yanu ili ndi mayina awiri. Lina limayamba ndi madabuliyu atatu aja, www, lina lilibe. Onse awiri amayenera kulozera ku nyumba imodzi. Amene amapereka chiphaso, asanapereke, amatumiza makina awo kukagogoda pa mayina onse awiri kuti aone ngati mwini wake alipodi. Pa dzina loyamba anatipeza. Pa la madabuliyu anapeza nyumba yopanda munthu, ndiye anabwerera nacho chiphaso." Anavula magalasi nawayang'ana m'maso. "Cholakwa ndi changa, amayi. Posamuka mu Epulo ndinasamutsa dzina limodzi, linalo ndinalisiya likuloza kwakale. Chiphaso chimene ndinasamuka nacho chinali chikadali chamoyo, n'chifukwa chake sindinaone kanthu mpaka lero."

Amayi Lonia anadabwa. Ankayembekezera kuti amva za netiweki kapena za azungu a kutali.

"Ndikawauze choncho amayi kumudzi?"

"Mukawauze choncho. Kapena ndibwera Loweruka ndidzanene ndi pakamwa panga."

Kukonza kwake kunali kwa mphindi zochepa. Keziya anasintha manambala kuti dzina lachiwirilo liloze kumalo atsopano, natseka laputopu kuti asunge batire. Anati kusinthako kumatenga nthawi kuti kumveke kulikonse, ndipo palibe chimene munthu angachite koma kudikira. Anatuluka kukagula mbatata yootcha kumsika, nadya awiriwo atakhala panja pa dzuwa. Cha m'ma 14 koloko magetsi anayaka. Keziya anadina batani lija, kanthu kanazungulira, ndipo ulendo uno panatuluka mzere wobiriwira. Anatsegula webusaiti, mabotolo a chiponde anaoneka, ndipo kaloko kanali pamalo pake. Amayi Lonia anawomba m'manja.

"Tiyeni tiwaonetse amayi poyamba, kenaka a Daka," anatero Keziya. Anatenga linki naiponya mu gulu la pa Watsapu la amayi a Talimbika, limene nayenso analimo.

Pansi pa linki panatuluka kachithunzi. Sikanali ka mabotolo. Anali amayi Mariam, akuseka, atanyamula lichero la nsawa.

Amayi Lonia anagwetsera foni pamiyendo. Kenaka mafoni onse awiri anayamba kulira, mauthenga a mawu akulowa motsatana kuchokera ku Zemba. Mayi wina ankangolira. Wina anati malemu akwiya chifukwa anachotsedwa pa ntchito imene anaiyambitsa okha. Wina anati anthu asiye zimenezo, agwade apemphere.

"Simunati munachichotsa?" anafunsa amayi Lonia monong'ona.

"Ndinachichotsa."

Keziya anavomera pambuyo pake kuti nayenso zinamukhudza kwambiri, chifukwa amayi Mariam anali munthu amene ankamukonda. Koma manja ake sanaime. Anafufuta uthengawo m'gulumo kuti asaone ambiri. Anatsegula masamba onse a webusaiti limodzilimodzi, ndipo chithunzicho sichinali pa tsamba lililonse. Kenaka anatsegula zolemba za kuseri kwa tsamba loyamba, zimene mlendo saziona, nayamba kufufuza dzina la Mariam. Analipeza pa mzere umodzi kumutu kwenikweni.

"Nachi, amayi. Munthu akatumiza linki, Watsapu kapena Fesibuku sizitola chithunzi chilichonse. Zimapita kukawerenga mzere uwu, umene umanena kuti, mukamationetsa kwa anthu, onetsani chithunzi chakuti ndi mawu akuti. Ine ndinachotsa chithunzi pamene maso amaona, koma mzere uwu ndinauiwala. Ukutchulabe chithunzi cha malemu. Ndipo taonani adiresi yake, ikudzera pa dzina lija la madabuliyu. Kuyambira Epulo njira imeneyo inkafika ku nyumba yopanda munthu, n'chifukwa chake linki inkapita yopanda chithunzi. Lero ndakonza njira, chithunzi chapezeka."

Amayi Lonia anayang'ana mzerewo ngakhale sankatha kuuwerenga wonse. Dzina la Mariam lokha analiona bwinobwino. Anapumira pansi.

"Ine ndamva," anatero. "Koma a Mbewe?"

"A Mbewe atani?"

"Foni ya malemu ikadali m'gulu. Palibe analimba mtima kuichotsa. Amuna awo amaisunga, amaitchaja pa sola tsiku lililonse."

Keziya anatseka maso kwa kamphindi. Kenaka anati mawa lomwelo adzatseka kachipindako apite ku Zemba akapepese kwa mkuluyo. Amayi Lonia anatenga njinga nanyamuka kuti akafike dzuwa likadalipo.

Keziya anatsala akumaliza ntchito. Anasintha mzere uja kuti utchule chithunzi cha mabotolo, nadzitumizira yekha linki kuti ayese. Panatuluka mawu okha, chithunzi osaoneka. Anayang'ana kukula kwa chithunzicho napeza kuti n'cholemera kwambiri, monga mmene chinatulukira mu kamera. Anachichepetsa nachibwezera. Atayesanso, foni yake inaonetsabe zimene inaona poyamba, chifukwa zinthuzi zimasunga zimene zawerenga kale kuti zisavutike kuwerenga kawiri. Anawonjezera chizindikiro cha funso ndi nambala 2 kumapeto kwa linki, kuti ioneke ngati yatsopano, ndipo mabotolo anatuluka ali pamzere, zivindikiro zofiira zikuwala. Ku Fesibuku analowa pa tsamba limene eni mawebusaiti amaikapo linki kuti iwerengedwenso, nadina kawiri mpaka nakonso mabotolo anaoneka. Atatsimikiza pa foni ya ometa tsitsi ndi ya mayi wogulitsa mankhwala a thonje, anatumizira a Daka linkiyo ndi mawu ochepa ofotokoza zimene zinachitika, osabisa kanthu.

M'mawa mwake sanafunikenso kupita ku Zemba. Pofika ndi makiyi anapeza a Whiteson Mbewe atakhala pakhonde, atavala jekete lakuda ndi chipewa, njinga itatsamira pamtengo. Anali mkulu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, wamtali, wosalankhulalankhula. Keziya anagwada nawapatsa moni.

"Ndinu mwana wa a Fanwell?" anafunsa mkuluyo. "Bambo anu anandikonzerapo njinga iyi."

"Ndine, abambo. Ndimati ndibwere kwanu lero. Ndinakulakwirani dzulo."

A Mbewe anatulutsa foni m'thumba la jekete, yokulungidwa m'kampango.

"Dzulo masana foni iyi inalira. Nditayang'ana ndinamuona amake Steward akuseka. Ndinapita kukatenga magalasi m'nyumba, pobwera ndinapeza wachoka. Anthu akulankhula zambiri kumudzi, ine sindinabwerere zimenezo. Ndabwera kudzafunsa kuti mwamuika kuti."

Keziya anawalowetsa nawakhazika pa mpando wake wa iye mwini. Anawafotokozera zonse monga anafotokozera amayi Lonia, za mayina awiri, za mzere umene anauiwala, ndi kuti ndi iye anafufuta uthengawo poopa kuti anthu alira. Sanafupikitse poganiza kuti mkulu sangamve. A Mbewe anamvetsera atagwira chipewa pa bondo, nafunsa mafunso awiri, ndipo onse anali olunjika. Kenaka Keziya anatsegula chithunzicho, chinadzaza galasi lonse.

Mkuluyo anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye miyezi yonseyi chinali momwemu?"

"Chinali momwemu, abambo."

"Tsiku limeneli ndikulikumbuka. Anandilanda lichero ndikupeta, akuti amuna sajambulidwa pa za amayi." Anapukuta m'maso ndi chikhatho. "Kunyumba ndilibe chithunzi chake akuseka. Cha pa chitupa akuoneka ngati akukalipira munthu. Mungandichotsereko ichi papepala?"

Keziya anasankha pepala lolimba kwambiri limene anali nalo, nasindikiza chithunzicho chachikulu, nachikuta ndi pulasitiki kuti chisanyowe. Anasindikizanso china chaching'ono choti akatumizire Steward, mwana wawo amene amagwira ntchito ku migodi. A Mbewe atafuna kupisa m'thumba, Keziya anawagwira dzanja nawakaniza.

"Chimene munaika kutsogolo, cha mabotolo, chikhale," anatero mkuluyo akuimirira. "Iye ankafuna kuti chiponde chigulidwe, osati nkhope yake. Koma musamutulutsiretu. Ngati muli malo mkatimo, akhalemo."

"Malo alimo. Ndikafunsa amayi Loweruka, poti webusaiti ndi yawo."

A Mbewe asanamange n'komwe chithunzi pa keriyala ya njinga, foni ya Keziya inalira. Anali a Daka.

"Mayi, ndalandira uthenga wanu," anatero ndi mawu ouma. "Pa foni yanga zikutseguka bwino, ndaonanso mabotolo. Koma pano ndili mu sitolo ndi mnzanga, tatsegula pa kompyuta ya mu ofesi, ndipo chenjezo lija lilipobe. Mnzanga akuti mwangobisa pa mafoni."

Keziya sanatekeseke. Anali atayesa pa mafoni anayi ndi laputopu, ndipo ankadziwa kuti chiphaso chake n'chabwino.

"Chonde a Daka, musatseke. Ndiwerengereni mawu ang'onoang'ono amene ali pansi pa chenjezolo."

A Daka anawerenga mododoma. Mwa mawuwo munali liwu lonena za tsiku.

"Zikomo. Tsopano yang'anani pakona ya kumanja, pansi pa galasi, pamene pali wotchi. Kompyuta yanu ikuti lero ndi liti?"

Keziya anamva a Daka akuitana mnzawo kuti adzaone.

"Ikuti 1 Januwale 2017."

"Ndi pamenepo. Chiphaso chathu chinayamba kugwira ntchito dzulo. Kompyuta yanu ikuganiza kuti dzulo lidzafika patapita zaka zisanu ndi zitatu, ndiye ikuchikana. Mkati mwa kompyuta muli kabatire kakang'ono ngati ka wotchi ya pamkono. Kakatha, magetsi akangozima tsiku limabwerera kumbuyo. Konzani tsikulo, mutsegulenso."

Anamva kugogoda kwa mabatani, kenaka kuseka kwa munthu wina chapatali.

"Yatseguka," anatero a Daka. Mawu awo anali atasintha. "Ndiye n'chifukwa chake ndi mawebusaiti ena akhala akutivuta kuyambira sabata yatha! Timati ndi netiweki. Mayi, muli ku Chadiza komweko inu?"

"Kuseri kwa msika. Koma chenjezo la Lolemba lija linali loona, cholakwa chinali changa. La lero ndi lanu. Mugule kabatireko, n'kotsika mtengo."

Galimoto sinabwere Lachisanu. Mnzawo wa a Daka anali munthu wochenjera kwambiri, anafuna kuti ayambe waimbira anthu awiri a ku Chipata kufunsa za gululo. Inabwera Lachitatu la sabata yotsatira, ndipo inatenga makatoni ochepa kuposa amene amayi anakonza. Koma inabweranso mu Ogasiti, ndipo ikubwerabe.

Loweruka limene analonjeza lija Keziya anapalasa njinga kupita ku Zemba, laputopu ataikulunga m'chitenje pamsana. Amayi anasonkhana pa khonde la nyumba yogayiramo chiponde. Anaimirira pamaso pawo nanena kuti zolakwa zinali ziwiri ndipo zonse zinali zake, kuti palibe dzina la munthu linagulitsidwa, ndi kuti chithunzi chinatuluka chifukwa cha mzere umene anauiwala. Netiweki pakhondepo inali yofooka, choncho anakwera pachulu chapafupi, ndipo amayi ankabwera atatuatatu kudzaona mzerewo ndi maso awo. Mayi amene anayambitsa mphekesera yogulitsa mayina anabwera pomalizira, nayang'ana, nati, "Pepani amake Natasha, mantha ndiwo anatilankhulitsa." Keziya anati ngakhale iye akanaopa.

Za pempho la a Mbewe anakambirana nthawi yaitali. Ambiri anavomera kuti pakhale tsamba lofotokoza chiyambi cha gulu, ndi chithunzi cha amayi Mariam pamwamba. Amayi awiri anakana, ndipo mpaka lero satsegula tsamba limenelo. Mawu a patsambalo sanalembe Keziya. Amayi ankanena mmodzimmodzi zimene ankakumbukira, za chaka chimene ankasinja nsawa mu mtondo asanapeze makina, za tsiku limene amayi Mariam anabweza mabotolo onse chifukwa mchere unachuluka, ndipo iye ankangotayipa.

Asananyamuke anakhala pansi ndi amayi Lonia nawaphunzitsa kudina pa kaloko ndi kupeza tsiku lothera chiphaso. Anabwereza kanayi mpaka amayi Lonia anatha okha. Anawauza kuti kumapeto kwa Seputembala adzayang'ane, ndipo akadzapeza tsikulo lisanasunthe adzamuimbire msanga, pasanafike pa chenjezo.

Pa 25 Seputembala, Keziya akusindikiza mayeso a sukulu ina, foni inalira.

"Amake Natasha, ndili pachulu," anatero amayi Lonia akufuula chifukwa cha mphepo. "Ndayang'ana. Lasuntha lokha, tsopano likuti Disembala."

"Ndinaona kale Lolemba, amayi."

"Ndikudziwa kuti munaona. Ndimafuna mudziwe kuti nanenso ndaona. Ndiponso amayi akuti mubwere ndi kamera, tayamba kupanga chiponde chothira uchi."

Keziya anayang'ana mulu wa mapepala umene unali patebulo, nawauza kuti adzabwera Loweruka m'mawa, akonzeretu mabotolo asanu ndi nsalu yoyera yoyala pansi.